Za Mabuku Oongolera Alendo: Maganizo Athu pa Embangweni ndi Verona

Mau oyamba

Pali mtundu wina wa mabuku umene sitiuŵerengera pa maphunziro a m'seminale, chonsecho uli ndi mphamvu pa maganizo a anthu kupambana mabuku ena akuluakulu amene timachezera nawo usiku. Tikunena timabuku ndi timapepala toongolera alendo odzaona malo. Ntchito yake imaoneka yaing'ono: kumuuza mlendo njira, pogona, podyera, ndi zinthu zoyenera kuziona. Koma munthu amene wasankha zoti mlendo aone wasankhanso zoti asaone, ndipo mlendoyo akabwerera kwao amakafotokoza zimene adamuonetsazo ngati kuti ndilo dziko lonse. Akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'maola oŵerengeka amene ali pakati pathu, chimene wamva ndicho chimene adzanyamule moyo wake wonse.

M'nkhani ino tifuna kuyesa kaongoleredwe ka alendo pa Embangweni, mishoni yakale ya Sinodi ya Livingstonia kumwera kwa boma la Mzimba. Koma tiyamba taima pang'ono ku Verona, kumpoto kwa Italy. Tasankha mzinda umenewu pa zifukwa ziŵiri. Choyamba, ansembe athu ophunzira ku Roma amafikako, ndipo ndiko kwao kwa chipani cha a Comboni amene akhala akugwira ntchito m'Malaŵi kuyambira zaka za m'ma 1970. Chachiŵiri, kumeneko luso loongolera alendo lidakhwima kalekale, mwakuti ubwino wake ndi chilema chake zimaoneka poyera.

1. Phunziro la ku Verona

Verona ndi mzinda wa m'chigawo cha Veneto, womangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Adige. Kabuku ka alendo kamayamba ndi Arena, bwalo lalikulu lamiyala limene Aroma adamanga m'zaka 100 zoyambirira za Chikhristu, momwe kuyambira mu 1913 anthu amasonkhana m'nyengo yotentha kudzaonera maseŵero oimba. Apa palibe chodandaula. Koma malo ena amene amakoka chinamtindi cha anthu ndi nyumba ya mu Via Cappello, yotchedwa nyumba ya Juliet, namwali wa m'seŵero la William Shakespeare. Namwaliyo sadakhalepo ndi moyo, ndi munthu wa m'nthano. Ndipo khonde lapamwamba limene alendo amalimbirana kujambulitsapo adachita kuliphatika ku nyumbayo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, kuti nyumba ifanane ndi nthano.

Kuyenda pang'ono kuchokera pamenepo munthu amafika pa tchalitchi cha San Zeno Maggiore. Mabuku amachitchula ndithu, koma chimene amayamika kwambiri ndi zitseko zake zamkuwa ndi chithunzi chapaguwa chojambulidwa ndi Andrea Mantegna. Za munthu amene tchalitchicho chidatengera dzina lake amanena mau ochepa. Zeno Woyera adakhala episkopi wa Verona kuyambira cha m'ma 362, ndipo mwambo wa Eklezia ya kumeneko umati adachokera kumpoto kwa Africa. Maulaliki ake oposa 90 alipo mpaka lero. M'tchalitchimo muli chifanizo chake chosema, cha nkhope yakuda yomwetulira, nsomba ikulendewera ku ndodo yake. Nkhoswe ya mzinda wonsewo ndi mwana wa Africa, koma mlendo wothamangira khonde la Juliet angathe kuchoka osazimva.

Mumzinda womwewo Daniele Comboni adayambitsa chipani chake cha amishoni mu 1867, ali ndi ganizo lakuti Africa idzatembenuzidwa ndi ana ake omwe. Mumzinda womwewonso Josephine Bakhita, amene adagwidwa ukapolo ku Sudan ali mwana, adachita malumbiro ake ausisitere mu 1896; kuyambira mu 1902 adakhala ku Schio, m'chigawo chomwecho cha Veneto, komwe adamwalira mu 1947. Ku Milano nakonso, anthu amene amadzaona tchalitchi chachikulu chimene adayamba kuchimanga mu 1386 amaponda pamwamba pa dziŵe lobatizira pomwe Ambrozio Woyera adabatiza Augustino wa ku Tagaste pa Pasaka wa chaka cha 387, ndipo ndi oŵerengeka amene amatsikirako.

Sitikunena kuti mabuku a alendo amanama. Chilema chao n'chakuti amayesa kukula kwa chinthu poona m'mene chikukongolera pa chithunzi. Chimene chili ndi khoma, nsanja kapena khonde chimaloŵa m'buku. Chimene chidachitika mumtima mwa munthu chimatsalira kunja. Ndi muyeso umenewu m'manja, tiyeni tibwere kwathu.

2. Mabuku oyamba ofotokoza za dziko la Angoni

Zolembedwa zokopa alendo m'Malaŵi zikafika ku chigawo cha kumpoto zimakonda nyanja, mapiri a Nyika, dambo la Vwaza, ndi Livingstonia wa ku Khondowe ndi nyumba yamiyala ya Dr Robert Laws pamodzi ndi mathithi a Manchewe. Mzimba, ngakhale ndilo boma lalikulu kupambana maboma onse m'dziko muno, limasanduka njira chabe: mlendo amadutsa pa Jenda, nakwera m'nkhalango ya Chikangawa, maso ali ku Mzuzu. Amene amapatuka kupita ku Embangweni kaŵirikaŵiri ndi alendo a mpingo ochokera ku Scotland, Ireland ndi America, madokotala odzathandiza pachipatala, ndi ophunzira za mbiri. Choncho woongolera alendo pa Embangweni nthaŵi zambiri ndi munthu wa mpingo, ndipo nkhani imene amafotokoza idaumbidwa ndi mabuku a amishoni.

Mabuku aŵiri ndiwo adayamba kudziŵitsa anthu akunja za dera limeneli. Dr Walter Elmslie adatulutsa *Among the Wild Ngoni* mu 1899, ndipo Donald Fraser adatulutsa *Winning a Primitive People* mu 1914. Maina okhawo akuulula kale maso amene olembawo ankafuna kuti oŵerenga aonere: loyamba likutcha Angoni anthu olusa, lachiŵiri likutcha anthu a kuno osatsogola. Tiyenera kuweruza mwachilungamo. Mabukuŵa adalembedwera Akhristu a ku Scotland amene ankapereka ndalama za mishoni, ndipo muli zambiri za midzi, mafumu ndi miyambo zimene bwenzi zitatayika pakadapanda iwo. Fraser makamaka adaŵakonda anthu ake, ndipo iwo adamutcha Chisekeseke chifukwa cha nkhope yake yansangala. Komabe kamangidwe ka nkhani m'mabuku otere n'kamodzi: kale kudali mdima, kenaka kudafika mzungu, kenaka kudayera. Munthu wakuda amaonekamo ngati munda wolimidwa, kapena ngati wothandiza wokhulupirika woima kumbuyo.

Chitsanzo chomveka bwino ndi buku lina la Fraser la mu 1925, *Autobiography of an African*, lofotokoza moyo wa Daniel Mtusu Nhlane, msilikali wa Chingoni amene adasanduka mlaliki. Dzina la bukulo likuti ndi mbiri ya munthu yodzilembera yekha, koma dzina la mlembi pachikuto ndi la Fraser. Tiyamika kuti moyo wa Daniel udasungidwa. Koma tiona kuti ngakhale pamene munthu wa kuno akulankhula, mau ake amatifika kudzera pakamwa pa wina.

Mabuku okonza chithunzi chimenechi alipo. Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni adalemba mbiri ya Angoni monga mwini wake, ndipo idatuluka m'Chingelezi mu 1942 ndi dzina lakuti *My Ngoni of Nyasaland*. Mu 1995 T. Jack Thompson adatulutsa *Christianity in Northern Malawi*, m'mene adaonetsa kuti Angoni sadangolandira Chikhristu monga mwana alandirira phala, koma adachiumba ndi manja ao. Vuto n'lakuti mabuku ameneŵa amakhala m'malaibulale, pamene mlendo woima pabwalo la mishoni amamva nkhani yakale ija.

3. Zimene zimaoneka pa Embangweni ndi zimene sizioneka

Fraser adanyamuka ku Scotland mu 1896. Atagwira ntchito ku Ekwendeni ndi ku Hora, mu 1902 adasamutsira mishoni ku Embangweni, m'dziko la Inkosi Mzukuzuku, ndipo malowo adatchedwa Loudon pokumbukira Dr Loudon wa ku Hamilton, bwenzi la David Livingstone. Mai Agnes Fraser, amene adali dokotala, ndiwo adayamba ntchito ya chipatala. Fraser adabwerera ku Scotland mu 1925, namwalira mu 1933, ndipo phulusa la mtembo wake lidadzaikidwa pa Embangweni mu 1935. Mlendo wofika lero adzaona tchalitchi chachikulu chanjerwa, chipatala, sukulu ya ana osamva, sukulu ya sekondale ya Robert Laws, ndi manda. Zonsezi n'zoyenera kuziona, ndipo zimajambulika bwino.

Koma tiyeni tifunse: kodi chimene chidatchukitsa Loudon m'mbiri ya Chikhristu cha mu Africa n'chiyani? Njerwa zilipo pa mishoni iliyonse. Chimene chidali chachilendo pamalo pano ndi zinthu zitatu, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chimene chili ndi khoma.

Choyamba ndi misonkhano ikuluikulu ya masakramenti. Kuyambira ndi wa ku Ekwendeni mu 1898, anthu zikwizikwi ankayenda pansi masiku angapo, namanga misasa, nakhala pamodzi kumva mau, kubatizidwa ndi kudya Mgonero. Amishoni ena ankaikayikira misonkhanoyi poopa kutengeka mtima kwa anthu. Koma Angoni adaizindikira msanga, pakuti mtundu wao udazoloŵera kale kusonkhana pamodzi pa miyambo ikuluikulu ya dziko. Malo a misonkhano yotere ndi bwalo chabe la udzu ndi mitengo. Mlendo angathe kulidutsa osadziŵa kuti waponda pamalo opambana tchalitchi chimene akuchijambula.

Chachiŵiri ndi nyimbo. Pa nthaŵi imene m'mishoni zambiri Akhristu ankaimba nyimbo za ku Ulaya zongotembenuzidwa, pa Loudon ankachititsa mipikisano yopeka nyimbo, ndipo anthu ankatenga maimbidwe a ingoma, a ukwati ndi a maliro n'kuŵavekera mau a Uthenga Wabwino. Maina a Mawelera Tembo, Peter Thole, Charles Chinula ndi Jonathan Chirwa ali m'gulu la opeka ameneŵa, ndipo nyimbo zao zambiri zidaloŵa m'buku la *Sumu za Ukristu* limene likuimbidwabe. Ife Akatolika tidayamba kulankhula momasuka za kuloŵetsa Uthenga m'chikhalidwe cha anthu pambuyo pa Msonkhano wa Vatican Wachiŵiri, ndiponso Papa Paulo VI atanena ku Kampala mu 1969 kuti Aafrika angathe ndipo ayenera kukhala ndi Chikhristu chachiafrika. Alimi ndi aphunzitsi a kumwera kwa Mzimba adali atayamba kale zimenezi zaka zoposa 60 m'mbuyomo. Mlendo amene wafika Lachitatu, naona tchalitchi chopanda anthu, nachoka asadamve mpingo ukuimba m'Chitumbuka ndi m'Chingoni, sadaone Embangweni.

Chachitatu ndi anthu otumidwa. Kuchokera ku dera lino alaliki ndi aphunzitsi akuda adatsikira ku Marambo, m'chigwa cha Luangwa, kukalalika pakati pa Asenga, ndipo Daniel Mtusu Nhlane adali mmodzi mwa iwo. Fraser adakhazikanso amai achikulire, otchedwa balalakazi, kuti aziyang'anira akazi ndi atsikana mumpingo, zaka zambiri mpingo wonse usadavomere akulu a mpingo aakazi. Amai ameneŵa alibe chipilala.

Pali chinthu chimodzi pa Embangweni chimene chimaoneka ndi maso, chomwe chikadatha kukonza nkhani yonse chikadafotokozedwa bwino. Pambali pa manda a Fraser pali manda a Mbusa Jonathan Chirwa, mmodzi mwa abusa atatu oyamba akuda a Livingstonia, amene adadzozedwa mu 1914 pamodzi ndi Yesaya Zerenji Mwasi ndi Hezekiah Tweya. Aŵiriŵa adagwira ntchito limodzi, ndipo agona limodzi. Woongolera wofulumira amati: apa pagona Fraser, ndipo apo pali mnzake. Woongolera wodekha akadaima pakati pa manda aŵiriwo n'kunena kuti Eklezia ya pamalo pano idabadwa mwa anthu aŵiriŵa pamodzi, ndi kuti popanda wachiŵiriyo ntchito ya woyambayo ikadauma ngati mbeu yogwera pathanthwe. N'zoona kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma amene adameta nako mudzi wonse, mlendo atapita, ndi eni mudzi.

Tisaiŵalenso kuti Fraser asadafike, munthu amene adatsegula khomo kwa Inkosi M'mbelwa adali William Koyi, Mxhosa wophunzira ku Lovedale, amene adafika m'dziko muno mu 1876, ndipo chifukwa chilankhulo chake chidali pafupi ndi Chingoni adatha kulankhula ndi mafumu pamaso m'pamaso. Adamwalira ku Njuyu mu 1886. Monga Zeno ku Verona, mwala wapamaziko wa Chikhristu cha ku Mzimba ndi mwana wa Africa.

4. Phiri la Hora ndi choona chonse

Mlendo wofika ku Mzimba amamvanso za phiri la Hora, kumene chaka ndi chaka m'mwezi wa Ogasiti Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa amachita mwambo wa Umthetho. Kumeneko kuli zonse zimene kabuku ka alendo kamafuna: zishango, nthenga, zikopa, ndi ingoma yogwedeza nthaka. Nkhani ya ulendo wa Zwangendaba, amene adaoloka Zambezi mu 1835 pa tsiku la kadamsana, imafotokozedwa mwaulemu woyenera.

Koma phiri lomwelo lili ndi chikumbutso china. Cha m'ma 1880 Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe adaukira ulamuliro wa Angoni, nathaŵira paphiripo, ndipo ambiri adaphedwa pomwepo. Lero zidzukulu za mbali zonse ziŵiri zidakwatirana, zimalankhula Chitumbuka chimodzi, ndipo zimapemphera m'tchalitchi chimodzi. Kabuku kofuna kusangalatsa mlendo kadzatchula gule n'kusiya magazi. Kabuku kofuna kudzutsa chidani kadzatchula magazi n'kusiya chiyanjano. Onse aŵiri apereka theka. Woongolera Wachikhristu ayenera kunena zonse: kuti padali nkhondo, kuti padafa anthu, ndi kuti ana a opha ndi ana a ophedwa adadzakhala pa Mgonero umodzi. Chozizwitsa chenicheni cha Mzimba n'chimenechi, ndipo sichimveka ngati mbali yoŵaŵayo yabisidwa.

5. Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Mwina wina afunsa kuti: nanga ife ansembe ndi aseminale a Chikatolika, za mishoni ya Chipresibeteriya ndi za timabuku ta alendo zitikhudza bwanji? Tiyankha patatu.

Poyamba, Msonkhano wa Vatican Wachiŵiri, m'chikalata chake cha mu 1964 chonena za umodzi wa Akhristu, udatipempha kuzindikira ndi kuyamika mokondwa mphatso za Khristu zopezeka mwa abale athu a mipingo ina. Akatolika adafika mochedwa kumpoto: mishoni ya Katete, kumwera komweko kwa Mzimba, idatsegulidwa ndi Ansembe Oyera mu 1938, patapita zaka 36 chiyambire Loudon, ndipo zaka zoyambazo zidali za mpikisano wa masukulu pakati pa mipingo iŵiriyi. Wansembe wotumidwa ku dera limenelo amene sadziŵa mbiri ya Embangweni sadziŵanso makolo a Akhristu ake, pakuti mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziŵiri.

Chachiŵiri, wansembe aliyense ndi woongolera alendo, afune asafune. Ku parishi kumafika abwenzi ochokera ku Ulaya, aepiskopi, ana asukulu, ndi akhristu a m'maparishi ena. Bambo mfumu amaŵatenga n'kuŵaonetsa tchalitchi, nyumba ya ansembe, chigayo, chitsime, ndi chithunzi cha wansembe woyamba. Nanga dzina la katekisiti woyamba, amene adagona m'midzi wansembe akubwera kaŵiri pa chaka, alipo amene akulidziŵa? Nanga mfumu imene idapereka malo? Nanga amai amene adasenza madzi oumbira njerwa? Ngati maina ameneŵa salembedwa pamene okalamba akali moyo, adzapita nawo kumanda, ndipo mbiri ya Eklezia ya m'Malaŵi idzakhala mndandanda wa alendo okhaokha.

Chachitatu n'chozama koposa. Mu Marko 13 timaŵerenga kuti wophunzira wina, potuluka m'Nyumba ya Mulungu, adaonetsa Ambuye kukula kwa miyala ndi kukongola kwa nyumbazo, ndipo Ambuye adamuyankha kuti zonsezo zidzagwetsedwa. Wophunzira uja adachita ntchito ya kabuku ka alendo, ndipo yankho limene adalandira ndilo chiweruzo cha mabuku onse otere. Petro Woyera m'kalata yake yoyamba akutiphunzitsa kuti miyala yeniyeni ya nyumba ya Mulungu ndi anthu amoyo. Tsono m'mene timaonetsera malo athu opatulika ndi chiphunzitso cha Eklezia chimene tikulalika osadziŵa. Tikaonetsa nyumba zokha, tikuphunzitsa kuti Eklezia ndi nyumba. Tikatchula amishoni okha, tikuphunzitsa ana athu kuti chikhulupiriro ndi katundu wobwera, ndi kuti iwo ndi osunga chabe za eni ake.

Mau otsiriza

Kabuku kabwino ka alendo a pa Embangweni sikayenera kukhala kakakulu. Kanene njira yochokera pa Jenda ndi yochokera pa boma la Mzimba, ndi m'mene imakhalira nthaŵi ya dzinja. Kamuuze mlendo kuti akonze ulendo wake kuti Lamulungu limupeze pomwepo. Kamuphunzitse moni wa Chitumbuka ndi ulemu wofika nawo kwa Inkosi. Kaike dzina la Chirwa pa mzere umodzi ndi la Fraser, katchule Koyi, Tembo, Thole ndi Nhlane, ndipo kanene za Hora mosabisa. Koposa zonse kalembedwe ndi anthu a pamalopo, m'chilankhulo chao poyamba, pakuti mlendo woyamba amene ayenera kuongoleredwa ndi mwana wa pamudzi pomwepo.

Zomwezi tikupempha kwa inu abale athu a m'seminale. Pa tchuthi chikudzachi, aliyense akhale pansi ndi okalamba a parishi yake, afunse, alembe maina ndi zaka, ndipo akapereke zolembazo kwa bambo mfumu kuti zisungidwe. Ndipo amene mudzapite ku Italy, mukafika ku Verona, kaoneni Arena ndithu. Koma mukasiye nthaŵi yokwanira yokagwada kwa Zeno Woyera, ndi yokafika ku Schio. Kuona maso a nkhono n'kudekha.